Mbeta ya Manizha ndi Pakamwa pa a Saidmurod

Mayi Zulaiho ankaphula mikate mu uvuni wadothi kuseri kwa nyumba yawo ku Isfara pamene alamu awo, a Saidmurod, anatulukira atavala mkanjo wapachikondwerero. Linali tsiku lokafunsira mbeta. Behruz, mwana mmodzi yekhayo wa a Zulaiho, mtima wake unali utagwera Manizha, mwana wa a Kurbon okonza mawotchi. Poti bambo a mnyamatayo anatsikira kulichete kalekale, mawu anayenera kutuluka pakamwa pa bambo ake aakulu.

Nkhawa inagona pamenepo. A Saidmurod sankadziwa njira yachidule polankhula. Ukawafunsa ngati basi yadutsa, ankayamba ndi kuti, "Moyo uli ngati mtsinje." Pamaukwati anthu ankawaombera m'manja, ndipo m'manjamo ndimo munawaledzeretsa.

"Alamu," anatero a Zulaiho akusasa ufa pachovala, "lero tikanene ziwiri zokha: mwana wathu ndi wakhalidwe, ndipo tikufuna Manizha. Basi."

"Inu mlamu, mawu opanda fanizo ali ngati mpunga wopanda nyama."

"Mwayambatu kale."

Kwa a Kurbon anawalandira ndi manja awiri. Anayala nsalu pansi, panabwera tiyi ndi mphesa zouma, mikate ya a Zulaiho inaikidwa pakati. Mikate imeneyo ikanyemedwa ndi mabanja onse awiri, ndiye kuti mbeta yalola.

A Saidmurod anakonza kukhosi. "Achimwene, m'munda mwanu muli pichesi lakupsa bwino."

A Kurbon anamwetulira. A Saidmurod akanalekera pomwepo! Koma kumwetulirako kunangowapatsa mangolomera.

"Tsono pichesi likapsa osalithyola, limagwa pansi n'kuyamba kuola, mbalame n'kumalijompha."

Mayi a Manizha anaika kapu pansi. "Mukuti mwana wanga akuola?"

"Ayi mayi, ayi! Ndikuti mnyamata wathuyu ali ngati hatchi yaing'ono yosadziwa chingwe, yofuna woiweta."

"Ndiye kuti ndi wosamva?" anafunsa a Kurbon. "Mukufuna mkazi kapena m'busa?"

A Zulaiho anawakoka mkanjo mwakachetechete, koma a Saidmurod anali ataona kale fanizo lina likulendewera patsogolo pawo, ndipo analilumphira.

"Tandimvetsani, achimwene. Ukwati uli ngati chivwende. Kunja kusalala, koma zam'kati umazidziwa utachicheka."

A Kurbon anadzuka, anakulunga mikate ija m'nsalu yake, n'kuipereka m'manja mwa a Zulaiho.

"Tengani, mayi. Pakhomo pano sitigulitsa mavwende, ndipo mwana wanga sachekedwa kuti anthu amusuzumire."

Panjira a Saidmurod anapukusa mutu. "Anthu amenewa ali ngati..."

"Mukangoti 'ngati' kenanso, alamu, ndikukankhirani m'ngalande umu ndi mkanjo wanu womwewo."

Nkhani inathamanga kuposa eni ake. Pofika tsiku lamsika, amayi ogulitsa zipatso ankanong'onezana kuti a kwa Behruz akuti Manizha ndi woola. Mtsikanayo anasiya kutuluka. Behruz anasiya kudya, ndipo zinamveka kuti banja lina la kutsidya likukonzeka kukagogoda pachipata cha a Kurbon.

A Zulaiho sanalire. Analawira m'mamawa, anakandanso ufa, anaphula mikate, n'kupita okha. Pachipata anawabweza. Mawa lake anapitanso ndi mikate yatsopano, anakhala pamwala dzuwa likuwaswa mpaka mthunzi utatembenuka, osawatsegulira. Anzawo anati, "Mukudzichotsa ulemu, atsikana ndi ambiri." Iwo anati, "Ambiri inde, koma mwana wanga watchula mmodzi." Ndipo anapitanso.

Potsiriza a Kurbon anatsegula chipata, nkhope ili gwaa.

"Lero mwabwera ndi chipatso chanji?"

"Palibe chipatso, bambo. Ndabwera kudzapepesa, ndiponso kudzanena za mwana wanga. Dzina lake ndi Behruz. Amakonza mafiriji. Mowa samwa. Akakhala ndi njala amakwiya msanga, koma amapepesa yekha osamuuza. Amamukonda Manizha. Ine ndidzamusunga mwana wanu, ndipo akadzalira chifukwa cha ife, mudzafunse ineyo."

A Kurbon anapatuka kuti a Zulaiho alowe. Mayi a Manizha, omwe ankamvetsera pakhonde, anatembenukira kukatani ya kuchipinda.

"Wamva, iwe?"

"Ndamva, amayi," anayankha mtsikanayo ali kuseri. "Awawa ndiye ndawamva."

Mkate unanyemedwa tsiku lomwelo. A Kurbon anangopempha chinthu chimodzi, ndipo a Zulaiho anavomera asanamalize n'kunena komwe.

N'chifukwa chake paukwati wa Behruz ndi Manizha, a Saidmurod, munthu amene ankatsekulira ndi kutsekera madyerero onse a m'dera limenelo, anapatsidwa mpando kumapeto, pafupi ndi miphika. Chimkuzamawu chinkadutsa pamphuno pawo kupita kwa ena. Kangapo konse anadzutsa chala, milomo ikunjenjemera ndi mafanizo, koma a Zulaiho ankangowayang'ana, chala n'kubwerera pabondo.

Fanizo loyamba lija linali litawatsekulira kale khomo. Chinawapweteka n'kusirira lachiwiri ndi lachitatu. Akuluakulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.