A Malikebu Adapita Kukatimverera

Ena adzakuuzani kuti mwambi umene ndikufuna kukufotokozeraniwu ndi wakale kuposa agogo a agogo awo. Asiyeni anene. Ine ndidalipo tsiku limene udabadwa, ndipo ndine ndidasenza chidebe cha madzi akumwa.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa Chichewa pasekondale yoyendera ya Kamphepo. Chaka china kudabwera mlendo wa ku Australia, mayi wamtali, amene adangokhala masiku atatu n'kutisiyira mpira wooneka ngati dzira. Mpira wake ndi wosamva: ukaunjanjitsa pansi kuti ubwerere m'manja, iwo umalowera kumene wafuna. Anyamata adauyesa tsiku limodzi n'kuutaya. Atsikana adautola. Mlendoyo adawaphunzitsa kuumenya ndi phazi, kuuwakha m'malere ndi kupatsirana pougunda ndi chibakera. Za kagoletsedwe sadafikepo, poti tidalibe ndi bwalo lomwe.

Bwalo adalipanga ndi Sungeni, mtsikana wa Fomu 3, wamfupi koma wa mwendo woopsa. Adapempha kwa ahedi thengo la kuseri kwa makalasi, ndipo iye ndi anzake adalisosa miyezi iwiri ndi makasu a amayi awo, kuzula zitsa, kusalaza chulu, manja ali matuza okhaokha. Ahedi adawauza mosabisa:

"Malo amenewa ndinkafuna akhale munda wa sukulu. Mukapita kumpikisano wa chigawo n'kupambana ngakhale masewero amodzi okha, ndi anu mpaka kalekale. Mukabwerako chimanjamanja, khasu lilowa."

Woyang'anira masewero adali a Kanyumbu. Sadali munthu woipa ayi, koma ulesi wawo udali wovala tayi. Patatsala mwezi kuti mpikisano uchitike, kudabwera kalata yoitana aphunzitsi a masewero kumsonkhano ku boma, Loweruka, kukaphunzira malamulo a mpirawu.

"Mpira ndi mpira," adatero a Kanyumbu akupinda kalata. "Ndaphunzitsa masewero zaka makumi awiri. Ndiye nditaye Loweruka langa, mbatatesi zikuwolera m'munda?"

Ndidati, "Bambo, pitani nokha. Ana akhetsera thukuta bwalo lija."

Adangondiyang'ana ngati ndawapempha impso. Kenaka adaona a Malikebu, mphunzitsi wa zaulimi, amene ankapita ku boma tsiku lomwelo kukagula mbewu.

"Achimwene, poti mukupita komweko, mukandimverere."

A Malikebu adavomera, poti sankadziwa kukana. Adali munthu wofatsa, wopanda chifukwa ndi munthu. Vuto lawo lidali limodzi: akaona duwa ankaiwala ndi dzina lawo lomwe. Ndiye msonkhanowo udachitikira pasukulu ya amishoni, kumene maluwa ndi osayamba. Tidadzamva pambuyo pake kuti adakhala m'holo theka la ola, kenaka pazenera adaona wosamalira maluwa akudulira, iwo n'kutuluka mwakachetechete ngati akukataya madzi.

Lolemba tidakumana m'chipinda cha aphunzitsi.

"Mwatitengera zotani?" adafunsa a Kanyumbu.

"Achimwene, kuli zinthu. Kuli duwa lina lofiirira, limayanga pakhoma mpaka padenga, osalithirira n'komwe. Ndabwera ndi timitengo take."

"Za mpira, a Malikebu," ndidatero.

"Eya, za mpira. Akuti kumbali iliyonse kukhale mitengo inayi pamzere, iwiri yaitali pakati, iwiri yaifupi m'mbali."

"Ndiye kugoletsa kwake?"

A Malikebu adakanda m'mutu pang'ono. "Mpira ukadutsa pakati pa mitengo, akuti mwagoletsa. Mipata ndi itatu."

"Yonse n'chimodzimodzi?"

"Sindidamve kuti pali kusiyana."

Sadaname. Sadamvedi, poti pamene zinkanenedwa iwo adali atagwada m'maluwa.

A Kanyumbu adawomba m'manja, nzeru zitawabwerera. Adati adani onse azikaunjikana pampata wapakati, ndiye ife tizikamenyera m'mbali, kumene kulibe munthu. Tidadzika mitengo inayi yabulugamu, ndipo kwa masabata atatu ana adaphunzira chinthu chimodzi: m'mbali, m'mbali, m'mbali. Sungeni, amene ankatha kugenda mpata wapakati ali kutali, adadzudzulidwa kangapo kuti asiye matama.

Tsiku la mpikisano tidakwera lole kupita ku boma. Padasonkhana sukulu zisanu ndi zitatu, ndipo lamulo lidali lakuti wogonja azipakira. Masewero oyamba adali athu, ndi atsikana a pasukulu ya amishoni pomwepo.

Ana athu adasewera, inu. Sindikukometsa. Mpira unkangokhala kumbali ya adani, ndipo Sungeni ankaumenyera m'mbali ngati akutaya nsapato pakhomo. Kamodzi, kawiri, kasanu. Adani sankalimbana nafe n'komwe tikalowera m'mbali, ndipo a Kanyumbu ankayenda m'mphepete mwa bwalo chifuwa chili patsogolo.

Koma ine china chidandikayikitsa. Kuseri kwa mitengo kunkaima munthu wa mbendera zoyera. Ife tikagoletsa ankakupiza imodzi. Adani atagoletsa pakati adakupiza ziwiri. Ndidafunsa a Malikebu.

"Ameneyo ndi wa konkuno, mayi," adatero. "Akungosangalalira ana akwawo."

Ndipo ine, mphunzitsi wa satifiketi yanga, ndidavomera.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, ife tidali titagoletsa kakhumi ndi kamodzi, konseko m'mbali. Adani adali atagoletsa katatu kokha, kawiri pakati, kamodzi m'mbali. Kenaka mpira udakwera m'mwamba, Sungeni n'kudumpha pakati pa atsikana awiri ataliatali, n'kuuwakha pamaso penipeni pa mitengo yaitali ija. Wezulo yomaliza idalira. Koma pamasewerowa amene wawakha mpira m'malere amaloledwa kuumenya popanda womusokoneza, ngakhale nthawi itatha.

Ndidadabwa kuona adani ena atagwira m'mutu, wina akulira. Akulira chiyani anthu oti agonja kale?

Mphunzitsi wina wa sukulu ina, chisoni chitamugwira, adafuula: "Pakati, mwanawe! Menya pakati!"

Sungeni adacheuka kuyang'ana a Kanyumbu.

"Usamvere anthu osawadziwa," adatero a Kanyumbu. "M'mbali mwathu momwemo."

Sungeni adali mwana womvera aphunzitsi. Adapotoloza thupi, kusiya mpata waukulu umene udali yasa patsogolo pake, n'kumenyera m'mbali. Mbendera imodzi.

Ana athu adayamba kuvina. Adani nawonso adayamba kuvina. Chimkuzamawu chidalengeza kuti Kamphepo yapeza mapointi khumi ndi awiri, eni bwalo khumi ndi atatu.

A Kanyumbu adathamangira kutebulo la olemba, tayi ili paphewa, akuti tiberedwa masanasana. Mayi amene adali patebulopo adawalola kuti athe mpweya, kenaka adati:

"Bambo, mpata wapakati ndi mapointi sikisi. Wam'mbali ndi pointi imodzi. Tidafotokoza pamsonkhano, ndipo aliyense tidamupatsa pepala. Inu mudalipo?"

A Kanyumbu adatembenukira kwa a Malikebu. "Pepala?"

"Ndidalandira, achimwene," adatero a Malikebu motsitsa mawu. "Koma dzuwa lidali loswa mtengo. Ndidalinyowetsa n'kukulungira timitengo tija kuti tisafote."

Ndidakwiya mwakuti ndidakhala pansi pafumbi, chidebe chili pamiyendo. Pointi imodzi! Mwana uja akadangomenya kumene mwendo wake unkafuna, tikadapambana ndi mapointi anayi.

M'lole pobwerera mudalibe nyimbo. Titayandikira kwathu, Sungeni adayang'ana zikhatho zake zija za zipsera, n'kunena mwaulemu wake wonse:

"Aphunzitsi, pakati paja ndimamenya ngakhale nditatsinzina. Bwanji simudapite nokha kumsonkhano kuja?"

A Kanyumbu adayang'ana kuminda ya eni ake mpaka tidatsika.

Ahedi sadabweze mawu awo. Mvula yoyamba itagwa khasu lidalowa, ndipo munda wa sukulu, monga mukudziwa, umakhala m'manja mwa mphunzitsi wa zaulimi. A Malikebu adadzala chimanga pabwalo lonse limene ana adasalaza bwinobwino. Mitengo inayi ija adati ndi yabwino, isazulidwe, ndipo adadzalapo timitengo tawo tija. Timitengoto tidaphuka. Sungeni adamaliza Fomu 4 akudutsa tsiku ndi tsiku pansi pa maluwa ofiirira, atayanga pamitengo imene adasenza yekha pamutu.

Kuyambira pamenepo, wina akafuna kutuma mnzake kumsonkhano woti apite yekha, tinkangoti: Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Khutu silibwerekedwa. Munthu amene wamutuma amapita ndi mtima wake, osati wako, ndipo amamva zimene zimamukhudza iyeyo. Akhoza kukhala wachilungamo ngati a Malikebu, osakunamiza ngakhale liwu limodzi, koma n'kusiya chinthu chimodzi chimene iwe ukadachigwira ndi manja awiri. Nkhani ikakhala yako, nyamuka ukadzimvere wekha, ndipo ukaona chokayikitsa ukafunse kwa mwini nkhani. Ine ndidaona mbendera imodzi kakhumi ndi kawiri. Tebulo la olemba lidali apo, masitepe makumi awiri okha, koma ndidafunsa a Malikebu.