Nambala Wani Amene Anakana Kuimirira

Pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'dera la Nsamala ku Balaka, dzina la Shukuru linali ngati analikhoma ndi msomali pamwamba pa bolodi la zotsatira. Teremu ikatha, anzake a fomu 3 sankafunsanso kuti nambala wani ndi ndani, ankangolimbirana malo achiwiri. Mnyamatayu mtima wake unali pa udokotala, koma pasukulupo panalibe labotale. Maikulosikopu ankangoiona pachithunzi m'buku, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima.

Tsiku lina pa asembule ahedi analengeza nkhani yochokera ku ofesi ya maphunziro. Masukulu a Balaka ndi Machinga adzakumana ku Liwonde pa mpira wamiyendo ndi wamanja, pa liwiro, komanso pa mpikisano wa mafunso a sayansi ndi masamu. Timu yopambana pa mafunsowo idzapita ku Zomba nthawi ya holide kukaphunzira mu labotale yeniyeni. Shukuru atamva, anamwetulira. Kwa iye ulendowo unali kale m'thumba, pakuti akanapita ndani kusiya iye?

Koma ntchito yokonzekeretsa timu inagwera a Kachingwe, mphunzitsi wa masamu amenenso ankaphunzitsa atsikana mpira wamanja, ndipo bamboyu anali ndi njira zakezake. Anakana zokonzekera m'kalasi. Lachitatu masewera akatha, anthu akadali otentha, ankaimika ofuna kulowa timuwo pakati pa bwalo, n'kuponya funso, wezulo ili kukamwa. Ukachedwa, wezulo inkalira. Ukalakwa, sukulu yonse inkakukuwiza. Ankati ku Liwonde kudzakhala chimodzimodzi, choncho kunali bwino munthu alawiretu.

Tsiku loyamba Shukuru anaima patali n'kumaonerera. Anaona Elube, mtsikana womwetsa zigoli amene m'kalasi sankapyola nambala faifi, ataphonya funso losavuta. Bwalo lonse linafa nacho chikhakhali, Elube nayenso n'kuseka nawo, akupempha funso lina. Chiyambire sukulu Shukuru anali asanalakwepo pamaso pa anthu, ndipo sankafuna n'komwe kuganiza zoti iyeyo akuwizidwe. Anachita mantha, ndipo poti mantha ndi ochititsa manyazi, anawaveka malaya a matama.

A Kachingwe ataona kuti dolo wawo sakutulukira, anamuitana.

"Iwe Shukuru, mutu uli nawo, palibe akutsutsa. Koma nzeru zako zimatuluka ukakhala pansi chete ndi cholembera. Ine ndikufuna ndizione zitaimirira."

"Iyayi, aphunzitsi," anayankha mosaphethira. "Ine ndinabwera kudzaphunzira, osati kudzasekedwa ndi anthu olakwa mayeso. Mukafuna kudziwa wanzeru pasukulu pano, kayang'aneni pabolodi."

Mphunzitsiyo sanakwiye. Anamuuza kuti ayambe ndi mafunso ochepa, pamaso pa anthu ochepa, koma mnyamatayo anati iye si chidole. Elube naye anayesa kumunyengerera, nati kusekedwa sikutupitsa mutu, iye amaphonya zigoli sabata iliyonse koma nthiti zake zonse zilipo. Shukuru anamuuza kuti azikaponya mpira wakewo, za nzeru azisiyire eni ake. Pamapeto a Kachingwe ananena poyera kuti m'timu mulowa okhawo amene aima pabwalo, ndipo sagwadira munthu. Shukuru anangoseka chamumtima. Anali wotsimikiza kuti tsiku likayandikira adzamufuna okha, chifukwa palibe sukulu imasiya nambala wani kunyumba n'kutenga nambala faifi.

Anadikira. Sabata zinadutsa, timu inasankhidwa: Elube, Elliam ndi Fauziya. Palibe anagogoda pakhomo pake. Mpata wokadzichepetsa unalipobe, pakuti a Kachingwe sanali munthu wouma mtima, koma Shukuru anaona kuti kubwerera pa mawu ake kunali kowawa kuposa kukuwizidwa kumene ankakuthawa.

Tsiku la mpikisano lole ya sukulu inanyamuka ndi nyimbo. Iye anakwera minibasi payekha, atauza amayi ake kuti akukaonerera mpira. Ku Liwonde dzuwa linali loswa mtengo, koma mpira sanauyang'ane n'komwe. Anakaima kumbuyo kwa chikhamu chimene chinazungulira matebulo a mafunso, chipewa atachitsitsira kumaso.

Funso lililonse limene linkaponyedwa, iye ankaliyankha chamumtima wofunsayo asanamalize. Elliam atasokoneza funso la magetsi, Shukuru analuma mano. Fauziya ataphonya la mafupa a munthu, anangotsala pang'ono kukuwa yankho, koma anakumbukira kuti wabwera kudzaonerera mpira. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti anzakewo akalakwa sankagwa mphwayi. Anthu ankawakuwiza, iwo n'kupukusa mutu, n'kutchera khutu funso lotsatira. Ana a sukulu ina yogonera konko ya ku Machinga, amene aliyense ankawaopa, ndiwo anayamba kunjenjemera atangolakwa kamodzi. Pa ndime yomaliza kaputeni wawo anangoti kakasi, mawu atamuthawa, ndipo Elube analanda funsolo n'kuliyankha modekha ngati akuponya chigoli chapafupi. Sukulu yoyendera ya ku Nsamala inapambana.

Anzake akuvina ndi kunyamulana, Shukuru anadzipanikiza m'chikhamumo mpaka anafika kwa a Kachingwe. Maso anali atafiira, koma khosi linali lidakali louma.

"Aphunzitsi, mafunso onse aja ndimawadziwa. Ngakhale amene awa alakwa, ine ndayankha onse."

"Ndikukhulupirira," anatero a Kachingwe. "Koma wakumva ndani?"

Shukuru anafunsa chapansipansi ngati sipangapezeke malo amodzi pa ulendo wa ku Zomba, poti zotsatira zake aliyense amazidziwa. Mphunzitsiyo anamuyang'ana mwachisoni, namuuza kuti okonza mpikisano alemba mayina a amene anaima patebulo, ndipo za bolodi la ku Nsamala sakuzidziwa.

Teremu imeneyo Shukuru anakhalanso nambala wani, ndi malikisi oposa kale. Sukulu zitatsekera, anali pamsika kugula mafuta ophikira pamene anaona Elube, Elliam ndi Fauziya akukwera minibasi ya ku Zomba ndi zikwama zawo. Elube anamubayibitsa pawindo ndi mtima woyera. Iye anafuna kukweza dzanja, koma linalemera, ndipo anatembenuka kuti anthu asaone misozi imene inayamba kulengeza.

Pajatu akulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna.