Diresi la Mwandida m'Buti ya Amalume

Ana inu, ikani kaye zolembera pansi. Dzulo ndinafunsa ngati alipo amene sanamve masamu aja, nonse munangoti zii, lero ndiye mwandilembera zamanyazi. Khalani bwino tsono ndikuuzeni kumene kunachokera mwambi wa mbewa yamanyazi. Ena adzakuuzani kuti ndi wamakedzana, ine sindikana, koma kwathu ku Mponela tinaudziwira pa ukwati wa Mwandida, mwana wa a Chikadza.

A Chikadza anali munthu wofatsa, wogulitsa mbewu ndi feteleza pakagolosale kawo. Akazi awo, a Nankhoma, anali ndi mlongo wawo dzina lake a Gostino, amene ankagwira ntchito ku Joni. Chaka china a Gostino anabwera ndi galimoto yakuda ya ku Jeremani, yonyezimira ngati nsapato ya Lamulungu, ndipo pobwerera anaisiya m'manja mwa alamu awo. Anawauza kuti aziiliza kawirikawiri, ndi kuti tsiku la ukwati wa Mwandida idzanyamule mkwatibwi, popeza iwo monga amalume sadzatha kubwera.

Vuto linayambira apa. Anthu ataona galimoto pakhomo pa a Chikadza anayamba kuwatchula bwana, ndipo iwo sanakane. Sananame ayi, koma sananenenso kuti ndi ya alamu. Ankangomwetulira n'kumapukuta magalasi.

Sabata ya ukwati itakwana, Lachinayi m'mawa, a Chikadza anadina batani lolizira injini. Galimoto inangoti kete kete, kenako phee. Anayesanso, thukuta lili kamukamu, koma batire linali litatopa. Tsono mudzi wonse unkadziwa kuti Loweruka Mwandida akwera galimoto imeneyo. Akazi awo atawafunsa chimene chinawakhwinyatitsa nkhope, anayankha kuti ndi mutu chabe.

Anakwera minibasi kupita ku Lilongwe, kugalaja ina yokonza magalimoto otere. Mnyamata wa pakauntala anawalandira bwino n'kuwafunsa kuti galimotoyo ndi ya ndani, kuti aone ngati amaidziwa.

"Ndi yanga," anatero a Chikadza.

Mnyamatayo anawafotokozera kuti batire la galimoto zoterozo ndi lapadera, ndipo akaliika amayenera kulumikiza kompyuta kuti galimoto ilizindikire. Kenako anatchula mtengo. Unali wofanana ndi wa ng'ombe imene anagulira alendo a ukwati. A Chikadza ananena kuti abweranso, n'kutuluka mwaulemu ngati munthu amene wangoiwala chikwama.

Panjira anaganiza zoimbira foni a Gostino. Koma akanayamba bwanji? Mkamwini kuuza mwini mbumba kuti chuma chimene munandisungitsa chafa m'manja mwanga? Anaganizanso za komiti ya ukwati, koma anthu omwewo ndi amene ankawatchula bwana. Choncho analowa mumsika n'kugula batire wamba, la mtengo wa mbuzi, nalikulunga m'thumba la feteleza. Mumtima ankati batire ndi batire, nthambo ziwiri basi, nanga kulipira ng'ombe yathunthu n'chifukwa chiyani.

Lachisanu pakhomo panali piringupiringu, amayi kusenda anyezi, achinyamata kukhoma matenti. A Chikadza anazungulira galimoto tsiku lonse osapeza mpata woikhudza popanda maso a anthu. Atatsegula boneti mobisa, batire sanalione n'komwe, ndipo mantha anawonjezeka. Analipeza madzulo, kumbuyo, m'buti, pansi pa kapeti, m'kadzenje kakekake.

Loweruka kutacha, anthu ali kalikiliki kumoto, anatsegula buti ndi kamoto kotsala m'batire lakale. Dziwani, ana inu, kuti buti ya galimoto imeneyo inalibe pobaya kiyi, inkatseguka ndi magetsi okha. Anamasula batire lakale n'kulibisa kuseri kwa nkhokwe. Latsopano analowetsa m'kadzenje muja, koma nthambo zinakana kufika pamitu yake. Anakoka, anapotoza, osatheka. Anabwezera kapeti pamwamba kuti wina asaone, n'kuthamangira kwa mnansi wawo kukabwereka sipanala yaikulu.

Nthawi yomweyo a Nankhoma anatuluka m'nyumba atanyamula diresi la mkwatibwi pamodzi ndi velo. Diresilo anachita kubwereka ku Lilongwe, ndipo Mwandida anali atalilota chiyambire chinkhoswe. Dongosolo linali loti akavalire kunyumba ya a Nambewe, nankungwi wake, pafupi ndi tchalitchi, kuti lisade ndi fumbi. Ataona buti ili yasa, a Nankhoma anayamikira mumtima kuti amuna awo aganiza bwino. Anayala diresi mosamala, n'kutseka buti kuti gwa.

A Chikadza anamva kugunda kumeneko ali panjira yobwerera, atayandikira pakhomo, ndipo sipanala inagwa m'manja.

"Nankhoma, mwatseka?"

"Eya, mwalowa kale diresi. Lizani galimoto tizipita, abusa sadikira."

Anadina batani la buti, osatseguka. Anadina la pakiyi, osatseguka. Analowa mkati n'kukoka mipando yakumbuyo, koma mipando yake inali yosapindika. Apa m'pamene anakhala pansi padothi ndi suti yawo, n'kuulula zonse kuyambira Lachinayi. A Nankhoma sanakalipe. Anangogwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe.

Anthu anasiya miphika n'kuzungulira galimoto. Anaitana makaniko wa pamsika, koma iye atangoiona anabweza manja kumbuyo, nati galimoto za kompyuta sazigwira, angapse nazo. Wina anabwera ndi chitsulo chokanulira, nati aboole loko basi, zinazo zidzaoneka. A Chikadza anagona pabuti n'kutambasula manja.

"Chonde, abale anga, si yanga galimotoyi. Ndi ya alamu anga a Gostino."

Anthu anayang'anana. Belu la kutchalitchi linali litayamba kulira, ndipo akuchimuna anali atatumiza kale munthu kudzafunsa ngati mkwatibwi wasintha maganizo. Wapampando wa komiti anaimbira kugalaja kuja, ndipo anayankha kuti atumiza munthu, koma safika dzuwa lisanapendeke. Aliyense anatembenukira kwa Mwandida, amene anaima pakhonde tsitsi atalikonza kale, atavala bulauzi yoyera ndi chitenje cha ukwati chimene amayi onse a komiti anavalanso.

Mtsikanayo anayang'ana galimoto, n'kuyang'ana bambo ake ali chigonere pabuti.

"Dzukani, ababa, mwadetsa suti. Musaswe galimoto ya amalume. Ndipita ndi zomwe ndavalazi."

Anapita pa lole imene inanyamula kwaya. Ine ndinalipo m'tchalitchimo, ndipo ndikuuzeni zoona, zinandiwawa. Mwandida analumbira mawu ake bwinobwino, koma alendo a kuchimuna ankanong'onezana kufunsa kuti mkwatibwi ndi uti pakati pa amayi ovala zofananawo. A Chikadza anamuperekeza kuguwa maso ali pansi.

Munthu wa kugalaja anafika perekaniperekani ili mkati. Anatsegula boneti, analumikiza magetsi ake pamalo ena ake, buti n'kutseguka mosavuta. Diresi linali gone, loyera mbee, lopanda ndi khwinya lomwe. Kenako munthuyo anawerenga nambala ya galimoto n'kupukusa mutu.

"Iyi si ya a Gostino a ku Joni? Bambo, batire la galimoto iyi analipiriratu kwathu asanapite. Anati latopa, alamu awo akadzangobwera tidzawaikire. Takhala tikukudikirani."

Tsopano a Chikadza anayenera kulipira ulendo wa munthuyo wa Loweruka, batire lawo la mumsika linali lopanda ntchito, ndipo diresi linali loti libwezedwe Lolemba lisanavalidwe.

Munthu wa kugalaja atatulutsa batire la mumsika lija, pansi pa kadzenje anapezapo kambewa kouma gwa. Kanalowa nthawi yokolola, galimoto ili pafupi ndi nkhokwe, ndipo kanafera momwemo. Anakanyamula kumchira n'kukataya. A Nambewe, amene anabwera kudzatenga diresi kuti mwina mwana alivale pojambulitsa, anakayang'ana kambewako, kenako anayang'ana a Chikadza.

"Buti iyi mwakhala mukuitsegula kangati, koma aka kanachita manyazi kutuluka," anatero. "Mbewa yamanyazi inafera kuuna, bambo a Mwandida."

Mwandida anakana kuvala diresi lija. Anati ukwati wachitika kale, sangajambulitse bodza. Mpaka lero chithunzi cha ukwatiwo chili pakhoma m'nyumba mwa a Chikadza, ndipo mlendo aliyense amafunsa kuti nanga mkwatibwi ndi uti. A Chikadza amaloza okha ndi chala.

Mawu a a Nambewe aja anafalikira, ndipo ndiwo mwambi timanenawu: mbewa yamanyazi inafera kuuna. Una ndi dzenje la mbewa. Osaka mbewa akafukiza utsi kuuna, imene yalimba mtima n'kutuluka nthawi zina imapulumuka, koma yoopa kuonedwa imatsamwa momwemo. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene ali pamavuto n'kumabisa chifukwa cha manyazi, amavulala thandizo lili pafupi, ndipo kawirikawiri amavulaza ndi ena osalakwa. A Chikadza akanangonena mawu awiri okha pakauntala paja, akuti ya alamu, mwana wawo akanavala diresi lake.

Tsono ndifunsenso, ndipo mundiyang'ane kumaso. Ndani sanamve masamu a dzulo? Eya, kwezani bwino mikonoyo, ndiione.