Makina Odzuka ndi Nzeru Zobwereka

Panali munthu wina ku Limbe amene ankapanga zipangizo za zigayo. Anali ndi makina aakulu odula zitsulo, oyendetsedwa ndi kompyuta, amene anagula pamene fakitale ina inkatsekedwa. Makinawo anali akale, penti itasupuka, koma ankadula shafiti, chitsulo chozungulira cha m'chigayo, mosaphonya. Eni zigayo ankachokera ku Thyolo, ku Mulanje, ngakhale ku Nsanje, kudzamufuna. Mabanja a antchito ake ankadya za pamalopo.

M'kati mwa kompyutayo munali kakhadi kochepa ngati bokosi la machesi. Zonse zimene makinawo ankadziwa zinkakhala m'menemo: mmene angadzukire, ndi pamene mkono wogwira mpeni uyenera kuyambira ndi kulekezera.

Tsiku lina magetsi anathima ntchito ili m'kati. Atayakanso, munthuyo anadina batani. Galasi la kompyuta linangoonetsa kamzere kamodzi ka mawu, basi. Anazimitsa, n'kuyatsanso. Chimodzimodzi. Kakhadi kanali katafa, ndipo zimene zinali m'menemo sanazisungepo kwina.

Anaimbira kampani yakunja imene inapanga makinawo. Anamuuza kuti mtundu umenewo anausiya kalekale, agule atsopano. Munthuyo anauza antchito ake kuti akadikire kunyumba. Eni zigayo ankabwera ndi zitsulo zawo zothyoka, n'kubwerera nazo. Chimanga chinali chitauma m'minda.

Kenako anamva za mayi wina wa ku Kanengo, katswiri amene ankasamalira makina a mtundu womwewo. Mayiyo anakopera zonse za m'makina akumeneko m'kakhadi katsopano, nabwera nako. Atakalowetsa, galasi linadzaza manambala, injini inalira. Munthuyo anakhala pansi pa simenti, misozi ili m'maso.

Koma mayiyo anati, "Bambo, adzuka, koma sanachire. Miyezo ili m'menemu ndi ya makina a ku Kanengo. Anuwa anadyeka m'njira yawoyawo, ndipo sakudziwa pamene tebulo lawo lomangapo zitsulo lili. Musadule kanthu mpaka ndibwere ndi zoyezera."

"Mubwera liti, mayi?"

"Ndikamaliza ntchito imene ndasiya kwathu. Mundidikire."

Munthuyo anadikira. M'mawa uliwonse ankayatsa makina, n'kumangomvetsera kulira kwake. Kunali kulira komwe kuja kwa zaka zonse.

Ndiye kunabwera mwini chigayo wa ku Nsanje, bwenzi lake lakale, atanyamula chitsulo m'thumba. Anati, "Achimwene, ndamva kuti makina akulira. Kwathu amayi abwerera kumtondo, manja atupa. Kashafiti kamodzi kokha, ndikupemphani."

Munthuyo anayang'ana bwenzi lake, anayang'ana makina. Mumtima anati, makina awa ndakalamba nawo, akanakhala ndi vuto ndikanamva. Anamanga chitsulo patebulo. Anadina batani.

Mkono unayenda bwinobwino. Unafika pamene unkaima masiku onse, koma sunaime. Unatsikabe. Mpeni unapyoza chitsulo n'kuluma tebulo, ndipo mtanda wozungulitsa mpeniwo unapindika, n'kung'aluka. Pamene dzanja lake linkafika pozimitsira, zonse zinali zitatha.

Mayi uja atabwera ndi zoyezera zake, anayendetsa chala pamng'aluwo nthawi yaitali. Anati, "Khadi tikanakopera kangati konse, bambo. Ichi sichikopereka. Ndipo kulibe kumene chimapangidwanso."

Bwenzi uja anabwerera ku Nsanje chimanjamanja. Antchito anabalalika, wina kukapalasa kabaza, wina kumudzi. Makinawo akadali pomwepo, ataphimbidwa ndi lona. Mukawayatsa amadzuka, manambala onse amaoneka, koma sadula kanthu.

Tsono mverani, inu amene munagwa ndipo mwangoyamba kumene kuimirira. Mwina mnzanu wakupatsani malangizo amene anamudzutsa iye, ndipo inunso akudzutsani. Muthokozeni. Koma malangizo akewo sadziwa pamene inu munathyoka. Anthu adzabwera msanga, ena ndi misozi yeniyeni, kudzakusenzetsani katundu wanu wakale chifukwa akuona mukuyenda. Lolani kaye kuti wina wodziwa akuyezeni. Kugwa koyamba anthu amathamangirako kukadzutsa. Kwachiwiri, kawirikawiri, amangofika kudzapepesa.