Mphunzitsi ndi Mbalame za Paulimbo

Abale anga, m'tauni ina munali mphunzitsi wa kuyunivesite amene anathera zaka zake pofufuza chipembedzo cha Abuda. Iye sanali Mbuda ayi, koma mabuku awo akale ankawadziwa ngati kunyumba kwake. Ankadziwanso lamulo lawo loyamba, lakuti usachotse moyo wa chamoyo chilichonse, ngakhale nyerere.

M'tauni momwemo munali kachisi wamng'ono wa Abuda, ndipo anthu akonkuno angapo anali atalowa chipembedzocho. Anali ndi mwambo wogula mbalame zogwidwa n'kuzimasula, poonetsa chifundo. Mphunzitsiyo anafuna kulemba buku la mwambo umenewu, choncho mwezi ndi mwezi ankafika ndi kope lake, iwo n'kumamupatsa mpando wakutsogolo.

Tsiku lina anatsatira ogulitsa mbalame kuti aone kumene ankazitenga. Zimene anapeza kudambo zinali zoswa mtima. Kale kunali wotchera mmodzi yekha, koma tsopano amuna a mudzi wonse anali atapaka ulimbo m'mitengo, atamva kuti kukachisi kuli msika. Mbalame zambiri zinkafera paulimbo pomwepo. Zofika kukachisi zinali zothothoka nthenga, ndipo zikamasulidwa zinkangogwera kuseri kwa mpanda, amphaka n'kumadyerera.

Mphunzitsi anaima pamphambano. Akanena, mwambo utha, buku lake lifera m'mazira. Akakhala chete, mbalame zipitiriza kufa. Anadziuza kuti wofufuza sasokoneza chimene akufufuza. Ha, dyera likavala suti limayankhula bwino!

Pakachisipo panali mayi wina wosoka zovala amene sankaphonya mwambowo. Malemu mwamuna wake anali wopha mbuzi pamsika, ndipo mayiyo ankamasula mbalame kuti chifundocho chimupepuzire mwamunayo kumene anapita. Tsiku lina anamuyandikira mphunzitsi.

"Aphunzitsi, inu mwawerenga mabuku athu kuposa ife. Kodi tikuchita bwino?"

"Mayi, ine ndimangoona ndi kulemba, sindiweruza," anayankha motero. Mayiyo anayesa kuti mphunzitsiyo akungodzichepetsa, mpaka anathokoza.

Panapita zaka zitatu. Buku linatuluka m'Chingerezi chozama, ndipo ophunzira anzake anaombera m'manja, makamaka mutu wonena za kudambo kuja. Mwana wamkazi wa mayi uja, yemwe anali namwino, analiwerenga n'kuwafotokozera amake zonse. M'mawa mwake mphunzitsi anangoona mayiyo ali pakhomo la ofesi. Anamupatsa mpando, iye anakana. Mphunzitsi anayamba kulongosola malamulo a kafukufuku, ndipo mayiyo anamudikira mpaka mawu anamuthera.

"Amuna anga ankapha akudziwa kuti akupha," anatero. "Ine mwandisiya ndikupha ndikuimba nyimbo yachifundo, inu mukulemba."

Mayiyo sanapondenso pakachisi, ndipo mtima wake sunapole. Mphunzitsi anakwezedwa pantchito chaka chomwecho.

Abale, kuphunzira si tchimo. Anthu a pakachisi aja ankasowa zedi zimene munthuyu ankadziwa, pakuti chifundo chopanda maso chimavulaza. Koma kuona mnzako akulowera kuphompho, iwe n'kutulutsa cholembera m'malo motsegula pakamwa, imeneyo ndi nkhanza. Nafenso tilipo muno odziwa Mawu mutu ndi ndime, pamene mnansi wathu akusochera ife tikuonerera. Tsiku lomaliza Mulungu sadzatifunsa kuti tinkadziwa zingati. Adzatifunsa kuti tinauza ndani.