Chidindo cha a Kampamba

Mvula ikayamba, boma linkatseka nyanja ya Mweru kuti nsomba ziswane, ndipo mzere wa nsomba zouma mumsika wa Soweto unkasanduka bwinja. Amayi ambiri ankatembenukira ku tomato ndi chibwabwa. Koma thebulo la a Perpetua silinkauma. Mlongo wawo, a Kampamba, anali kalaliki ku ofesi yoona za nsomba, ndipo ankawapatsa chikalata cha chidindo chonena kuti nsomba zawo zidagwidwa nyanja isanatsekedwe. Zoona zake, zinkachokera kumalo oletsedwa kumene nsomba zimaikira mazira, komwe mabwato a akuluakulu okha ankalowa popanda wofunsa.

Tsiku lina m'mawa kudatulukira anyamata a chipani ndi apolisi awiri. Pansi pa thebulo la a Tryness, mayi wamasiye wa ku Kabwata, adapeza kadengu kamodzi ka nsomba. Adazithira palafini n'kuziotcha pakati pa msika, mwini wake atamugwaditsa m'matope. Atafika pa matumba asanu ndi limodzi a a Perpetua, adangoyang'ana chidindo n'kudutsa.

Masana a Tryness adabwera, mawondo akadali ndi matope.

"Ba Perpetua, tiyeni na ise ku ofesi. Ngati nyanja ni yotseka, itsekele bonse. Imwe muziba kwamene nsomba zichoka, bazakumvelani."

"Ine nili na pepala," adayankha a Perpetua, maso ali kumbali. "Musaniingizemo."

A Tryness ndi amayi anzawo adapita okha. Adawathamangitsa pakhomo, ati alibe umboni.

Mwezi wotsatira, mkazi wa a Kampamba adafika kunyumba ya a Perpetua ku Chelstone, chitenje chili m'manja. "Mulamu, mulongo wanu bamutenga ku nchito. Amuna batatu ba masuti. Sibanakambe kwamene bayenda naye."

Masiku amenewo munthu wotengedwa ndi amuna a masuti sunkamufunsafunsa. Mlamuyo adadandaulira a Perpetua kuti ataye nsomba zija tsiku lomwelo, koma iwo adati chidindo ndi cha boma, sichingafe chifukwa cha munthu mmodzi. Adabwerera kumsika. Galimoto iliyonse ikaima pachipata, ankasiya kukulunga nsomba m'nyuzipepala n'kuyang'ana amene akutsika. Wogula akawayang'ana nthawi yaitali, ankaona ngati kazitape.

Tsiku lachitatu amuna a masuti adawadzera. Palibe adakuwa, palibe adawagwira. Mwamuna wa tayi adangowatchula dzina lonse lathunthu, ndipo miyendo yawo idamutsatira yokha. Mzere wonse udawerama, aliyense akusanja tomato wosanjidwa kale.

Adawalowetsa m'chipinda chopanda zenera. Patebulo padali chikalata chija.

"Mayi, nsomba izi zinagwidwa mwezi watha, kumalo yoletsedwa. Ici ni kuononga chuma cha dziko. Anakupasani pepala ni ndani?"

"Bwana, mabwato ni ya bakulu. Ine nimagula chabe."

"Bakulu bati? Tchulani zina."

Mayina ankawadziwa, atatu onse. Adayang'ana nkhope ya wofunsayo, nazindikira kuti nayenso akuwadziwa, ndipo kuti wowatchula sangatuluke m'chipindamo. Adakumbukira ana awo anayi amene panthawiyo anali akuweruka kusukulu.

"Ni ba Kampamba," adanong'ona. "Mulongo wanga."

Adawapatsa cholembera, nasaina.

A Kampamba adagwira ndende zaka zitatu. Thebulo la a Perpetua lidapatsidwa kwa wina, ndipo mlamu wawo sadapondenso pakhomo pawo. Mabwato aja adapitiriza kulowa kumalo oletsedwa mvula iliyonse.

Lamulo lolumpha nyumba yako lero silinakuiwale; likungoyamba ndi ofooka. Akuluakulu adanena kale kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.