Viza ya Njuchi za Dokotala Cossa

Mayi Nangondo, mlembi wa payunivesite, anapita ku ofesi ya maviza kukawatengera chilolezo Dokotala Cossa, wofufuza za njuchi wochokera ku Mozambiki. Pafomu, pamene amafunsa kuti "Mwabwera ndi ndani?", adokotalawo anali atalemba kuti njuchi zikwi zitatu.

"Mlendo aliyense aonekere yekha, adinde chala," anatero bwana wa muofesimo. "Apo ayi, adokotala anuwo abwerere kwawo Lachisanu."

M'mawa mwake mayiwo anakhazika mng'oma patebulo, nagwira chivundikiro.

"Afikatu alendo anu, bwana. Tiyambe ndi mfumukazi kapena alonda?"

Bwana uja anakwawira kunsi kwa tebulo, kungotulutsa dzanja logwira chidindo.

"Amayi, bweretsani pasipotiyo! Enawo ndawaona kale, akufanana ndi zithunzi zawo!"